Tisaweruze Tears of the Kingdom powerenga timadontho ta pa sikirini

Akonzi,

Zikomo pondipatsa danga m'nyuzipepala yanu kuti ndilankhulepo pa nkhani imene ena amaiona ngati ya ana, koma imene ine ndimaitenga mozama monga momwe ena amatengera nyimbo kapena zisudzo. Ndikunena za magemu a pakanema, makamaka The Legend of Zelda: Tears of the Kingdom, gemu imene kampani ya Nintendo ya mumzinda wa Kyoto ku Japan inatulutsa pa 12 Meyi 2023 monga gawo lotsatira la Breath of the Wild ya mu 2017. Chimene chandichititsa kulemba kalatayi ndi mawu amene ndawamva kangapo kwa anzanga okonda kusewera, akuti gemuyi ndi yakale yomwe ija angoiveka malaya atsopano, komanso kuti zithunzi zake n'zotsalira kwambiri tikaziyerekeza ndi za magemu a pa makina amphamvu otchedwa PlayStation 5. Ine ndaisewera kwa miyezi yambiri mpaka kuimaliza, ndipo ndikukhulupirira kuti onena zimenezi akuyang'ana pamalo olakwika, ngakhale kuti zina mwa zodandaula zawo zili ndi mutu.

Ndiyambe ndi kuvomera zimene zili zoona. Makina a Nintendo Switch, amene gemuyi imaseweredwapo, anatuluka pa 3 Malichi 2017, tsiku limodzi ndi Breath of the Wild, choncho pamene gawo lachiwirili linkafika kwa anthu makinawo anali atatha kale zaka 6 pamsika. Mkati mwake muli kachipangizo ka Tegra X1 ka kampani ya Nvidia, kamene kanapangidwira zipangizo zonyamula m'manja, ndipo malo amene makinawa amasungiramo zinthu pamene akugwira ntchito ndi 4 GB yokha, pomwe PlayStation 5 ya mu 2020 ili ndi 16 GB. Chifukwa cha zimenezi gemuyi imaonetsa zithunzi 30 pa sekondi iliyonse, pamene magemu ambiri a pa makina amphamvu amafika 60, ndipo mizere ya chithunzi chake siipitirira 900 ukailumikiza ku wailesi yakanema, kapena 720 ukaigwira m'manja. Munthu wa maso akuthwa amaona timano tonga ta sowo m'mphepete mwa madenga ndi nthambi za mitengo, ndipo ine ndemwe ndaona chithunzi chikujejema m'mudzi wa Kakariko nditanyamula chinthu chachikulu m'mwamba pakati pa nyumba ndi anthu. Palibe chifukwa chobisira zimenezi.

Funso langa ndi lakuti, kodi zithunzi za gemu ntchito yake n'chiyani? Wojambula chithunzi chopachika pakhoma amafuna kuti uime n'kuchisirira, koma wopanga gemu amakulowetsa m'chithunzimo n'kukuuza kuti uyende, ukwere, udumphe ndi kumenya nkhondo, ndipo chilichonse chimene maso ako akuona chiyenera kukuuza zoona za zimene manja ako angachite. Pamenepa ndi pamene Tears of the Kingdom imaposa magemu ambiri onyezimira amene ndawasewera. M'magemu ena umaona chitseko chojambulidwa bwino mpaka kuoneka mizere ya thabwa lake, koma sichitseguka, ndipo umaona phiri lokongola chapatali limene sudzalipondako chifukwa ndi nsalu chabe yotchingira kumapeto kwa dziko. Akulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. M'dziko la Hyrule, m'mene Link, mnyamata amene wosewera amamuwongolera, amayendamo kufunafuna mwana wamkazi wa mfumu dzina lake Zelda, phiri limene ukuliona ukhoza kulikwera, mtengo ukhoza kuudula n'kuusandutsa mlatho, udzu ukaugwiritsa moto umayaka ndipo mpweya wotenthawo umakukweza m'mwamba ukatambasula chinsalu choulukira. Mvula ikayamba miyala imaterera moti sungakwere bwino, ndipo kukachita ziphaliwali lupanga lachitsulo lili kumsana kwako limayamba kuthetheka, kukuchenjeza kuti ulichotse mphenzi isanakuwombe.

Mitundu ya zinthu nayo anaisankha mwanzeru kuti ikhale ngati zikwangwani zopanda malemba. Ukaima pamalo okwera n'kuyang'ana uku ndi uku, kuwala kobiriwira kozungulira ngati kamvulumvulu kumakuuza kuti pamenepo pali kachisi wa mayeso, utsi wofiira wotuluka pansi umakuuza kuti pali dzenje lolowera kunsi kwa dziko, ndipo mitengo ya masamba achikasu yooneka pakati pa mitambo imakuuza kuti kumwambako kuli chilumba chimene ungafikeko ukapeza njira. Sufunika muvi wolozera pakona ya sikirini kuti udziwe kopita, chifukwa dziko lenilenilo likukuitana. Kajambulidwe kake n'kofanana ndi chithunzi chopentedwa ndi utoto wamadzi, ndipo kajambulidwe kotere sikakalamba msanga. Okumbukira bwino akudziwa kuti gemu ina ya banja lomweli, The Wind Waker ya mu 2002, anthu ambiri anainyoza poyamba kuti ikuoneka ngati katuni ya ana, koma lero imaonekabe bwino pamene magemu ena a nthawi yomweyo amene ankayesetsa kufanana ndi anthu enieni amaoneka ngati zidole zouma.

Pali chinthu chimodzi chimene ndimafuna kuti aliyense wonyoza zithunzi za gemuyi achione ndi maso ake. Ukaima m'mphepete mwa chilumba cha kumwamba dzuwa likulowa n'kudziponya pansi, umagwa kudutsa mitambo, mphepo ikulira m'makutu, ndipo mitsinje, nkhalango ndi misewu ya Hyrule zimakula pang'onopang'ono pansi pako. Ukalunjika bwino pa dzenje lofiira lija supumira panthaka, umapitirira kugwa kulowa m'mdima mpaka lipenga lozama limalira kukudziwitsa kuti wafika kunsi kwa dziko. Ulendo wonsewu, kuchokera pamwamba pa mitambo mpaka pansi pa nthaka, umachitika popanda gemu kuima n'kukuonetsa sikirini yakuda yodikirira, ndipo zonsezi zikuchitika pa kachipangizo kofooka kaja, m'gemu imene kukula kwake ndi pafupifupi 16 GB. Tsiku loyamba limene ndinachita zimenezi ndinapeza kuti ndagwira chowongolera mwamphamvu mpaka zala kuwawa, ndipo sindinaganizeko n'kamodzi komwe za kuchuluka kwa mizere ya chithunzicho.

Tsopano ndifike pa kaseweredwe, pamene pagona mtima wa nkhani yanga. Kumayambiriro kwa gemu Link amalandira dzanja latsopano kuchokera kwa Rauru, mfumu yoyamba ya Hyrule, ndipo dzanjalo limamupatsa mphamvu zinayi zimene zimasintha chilichonse. Yaikulu mwa izo ndi Ultrahand, imene imakulola kunyamula chinthu, kuchitembenuza mmene ukufunira, n'kuchimata ku chinzake ndi zomatira zobiriwira zonga ulimbo. Matabwa, zipika, magudumu, mafani okupiza mphepo, maroketi, mabaluni ndi mabatire, zonsezi zimamatika, ndipo chimene wapanga chimayenda molingana ndi kulemera kwake ndi mmene wachilumikizira. Ndikukumbukira bwato loyamba limene ndinamanga pa chilumba cha kumwamba chimene gemuyi imayambira. Ndinamata zipika zitatu, ndinaika fani kumbuyo koma mopendekera kumanzere, ndipo nditaimenya kuti iyambe kugwira ntchito bwatolo linangozungulira pamalo amodzi pakati pa dziwe. Gemu sinandiuze kuti ndalakwitsa, ndipo sinanditulutsire malemba ondilangiza, koma ndinaona ndekha chifukwa chake, ndinaichotsa fani ija n'kuiika pakati, ndipo ndinawoloka. Chisangalalo chimene ndinamva pofika tsidya linalo chinali cha munthu amene waganiza yekha n'kupeza yankho, ndipo ndi magemu ochepa amene amampatsa wosewera ulemu woterowo.

Akachisi a mayeso alipo 152, ndipo ambiri mwa iwo alibe yankho limodzi. Mwana wanga wamkazi nane tinakhalapo pa kachisi mmodzi wofuna kuti uwoloke phompho, ndipo ine ndinatha nthawi yaitali kulumikiza magudumu ndi thabwa monga momwe zinkaonekera kuti opanga ankayembekezera. Iye atatenga chowongolera anangomata matabwa onse amene anali m'chipindamo kukhala mlatho umodzi wautali, anauyala pamwamba pa phomphoyo, n'kuyenda wapansi. Gemu inavomera njira yake monga momwe inavomerera yanga. Kuti zimenezi zitheke, opanga anayenera kuonetsetsa kuti chinthu chilichonse m'dzikomo chikumvera malamulo amodzi a kulemera, kugwa ndi kukankhana, kuti wosewera akachita chinthu chimene iwo sanachiganizire gemu isasokonezeke. Eiji Aonuma, mkulu woyang'anira magemu a Zelda, ananena kuti pamene ankalengeza mu Malichi 2022 kuti gemuyi ichedwa, inali itatsala pang'ono kutha, ndipo chaka chotsatiracho anachithera pokonza kuti malamulo amenewa azigwira ntchito mosaphonya. Chaka chathunthu chinapita pa ntchito imene siioneka pa chithunzi chotsatsira malonda, koma imene umaimva m'manja nthawi iliyonse ukamata zinthu ziwiri.

Mphamvu yachiwiri, Fuse, inayankha dandaulo lalikulu la anthu pa gawo loyamba, loti zida zimasweka msanga ndipo munthu amaopa kugwiritsa ntchito lupanga labwino. Opanga sanachotse kuswekako, koma anakupatsa tanthauzo. Tsopano umatenga ndodo wamba n'kuimata mwala, imasanduka nyundo yoswera matanthwe, kapena umamata nyanga ya chilombo chimene wachipha ku lupanga lodzimbirira n'kukhala chida choopsa. Diso la mleme wotchedwa Keese ukalimata ku muvi, muviwo umatsata mdani wokha, ndipo roketi ukaimata ku chishango imakuponya m'mwamba. Motero nkhondo iliyonse imakusiyira zopangira chida cha nkhondo yotsatira, ndipo kusweka kwa lupanga sikukhalanso chisoni.

Mphamvu yachitatu, Ascend, imakulola kuboola denga la phanga kapena la nyumba n'kutulukira pamwamba pake, ndipo Hidemaro Fujibayashi, amene anatsogolera ntchito yopanga gemuyi, anafotokoza kuti poyamba inali njira yachidule ya opanga okha potuluka m'mapanga pamene ankayesa ntchito yawo, mpaka anaona kuti n'njosangalatsa kwambiri moti osewera ayenera kuilandira. Yachinayi, Recall, imabweza chinthu m'mbuyo kutsata njira imene chadzera. Mwala ukagwa kuchokera kumwamba umakwerapo n'kuubweza, ndipo umakunyamula mpaka kumitambo kumene unachokera. Ndatchula zimenezi mwachidule, koma aliyense amene wasewera akudziwa kuti pakatha masiku ochepa umayamba kuona denga lililonse ngati khomo ndi mwala uliwonse wogwa ngati chikepe.

Nanga za dandaulo loti dziko lake ndi lomwe lija la mu 2017? N'zoona kuti mapiri, mitsinje ndi midzi zili pamalo omwewo, ndipo opanga sanabise kuti gemuyi inabadwa chifukwa maganizo owonjezera pa Breath of the Wild anachuluka kwambiri moti sakanakwana ngati zongowonjezera. Koma kubwerera kumalo amene umawadziwa n'kupeza kuti asintha kuli ndi kukoma kwake kumene dziko lachilendo silingakupatse. Nyumba yachifumu ya Hyrule yanyamuka panthaka ndipo yalenjekeka m'mlengalenga, mudzi wa mtundu wa Rito wakwiririka ndi chipale, madzi oyera a kwa mtundu wa Zora adetsedwa ndi matope ogwa kuchokera kumwamba, ndipo mudzi wa Tarrey umene ambirife tinathandiza kumanga m'gawo loyamba tsopano wakula. Zitsime zimene kale tinkangozidutsa lero zimalowedwa, ndipo m'mapiri mwatseguka mapanga ambirimbiri. Pansi pa zonsezi pali dziko lamdima lalikulu ngati la pamwambali, limene silinaonetsedwe poyera m'zotsatsira malonda gemu isanatuluke. Kumeneko umayenda uku ukuponya njere zowala patsogolo pako kuti uone poponda, ndipo chithaphwi chofiira chikakukhudza chimatseka timitima ta moyo wako moti chakudya wamba sichingatibwezeretse. Zinanditengera nthawi kuzindikira kuti dziko la pansili ndi chithunzithunzi chotembenuzidwa cha la pamwamba, kuti pamene pamwamba pali phiri pansi pali chigwa, pamene pali mtsinje pansi pali khoma, ndipo muzu wowala uliwonse mwa mizu 120 imene umayatsa kuti iunikire mdimawo uli pansi penipeni pa kachisi, dzina lake likakhala la kachisiyo lolembedwa chobwerera m'mbuyo. Palibe amene amakulembera zonsezi pa sikirini tsiku loyamba. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo gemuyi imalipira wodekhayo.

Komabe, Akonzi, kukonda chinthu sikutanthauza kutseka maso pa zofooka zake, ndipo zofooka zimene ine ndinaziona si za kuchepa kwa timadontho ayi. Dziko lamdima lija limachititsa mantha ndi chidwi m'masiku oyamba, koma ukayatsa mizu yambiri umayamba kuona kuti mitengo yake, miyala yake ndi misasa ya adani zikungobwerezabwereza, ndipo kukula kwake kumaposa zimene zili m'menemo. Zilumba za kumwamba nazo, kupatula chachikulu choyambira chija ndi zina zochepa, n'zazing'ono ndipo zambiri zimafanana kapangidwe, pamene ambirife tinkayembekezera kuti kumwambako ndi kumene kudzakhale moyo wa gemu yonse.

Chimene chinandipweteka kwambiri ndi kafotokozedwe ka nkhani. Mbiri ya Zelda imabisidwa m'madontho a misozi amene ali pakati pa zithunzi zikuluzikulu zojambulidwa panthaka, ndipo chifukwa wosewera ali ndi ufulu wopita kulikonse, akhoza kuyamba kuona chakumapeto kwa nkhaniyo asanaone chiyambi chake. Ine zinandichitikira, ndipo ndinadziwa msanga chinsinsi chachikulu cha kumene Zelda ali, koma Link anapitiriza kuyenda m'midzi osauza aliyense, pamene anthu onse ankafufuzabe ngati palibe chimene chadziwika. Ufulu umene umakometsa kumanga mabwato ndi milatho ndi womwewo umene unaononga kulemera kwa nkhani, ndipo ndikukhulupirira kuti opanga akanatha kuika misoziyo mwandondomeko, kuti dontho lililonse limene wapeza lizikuonetsa gawo lotsatira mosatengera malo amene walipeza. Ndiponso ukamaliza akachisi anayi akuluakulu, wa mphepo, wa moto, wa madzi ndi wa mphenzi, umamva nkhani ya nkhondo yakale yolimbana ndi Ganondorf, mdani wamkulu wa m'gemuyi, kanayi konse m'mawu ofanana kwambiri. Anzako amene umawapeza m'menemo, Tulin, Yunobo, Sidon ndi Riju, ali ndi mphamvu zothandiza, koma kuti uzigwiritse ntchito pankhondo kawirikawiri umayenera kuthamangira mzimu wa mnzakoyo n'kudina batani lomwe umatolera nalo zinthu, moti nthawi zina mphepo ya Tulin imauluza nyama ndi zipatso zimene unkafuna kutola. Kusankha chomata ku muvi nakonso n'kotopetsa, chifukwa umayenda mumzere wautali wa zinthu zako zonse nthawi iliyonse ukafuna kuponya.

Zofooka zimenezi n'zenizeni, ndipo ndi zimene ndikanakonda kuti tizikambirana, chifukwa zikukhudza zimene wosewera amachita ndi zimene amamva mumtima. Anthu oposa 10 miliyoni anagula gemuyi m'masiku atatu oyamba, ngakhale kuti ku America inkagulitsidwa pa madola 69.99, mtengo woposa wa magemu ena a Nintendo a nthawi imeneyo, ndipo pa mwambo wa The Game Awards wa mu 2023 inapambana m'gulu la magemu a nkhondo ndi maulendo, pamene mphoto ya gemu ya chaka inapita kwa Baldur's Gate 3. Zimene osewera ankaonetsana pa intaneti m'masabata oyambawo sizinali nkhope zojambulidwa bwino kapena madzi onyezimira. Zinali ndege zopangidwa ndi mafani awiri ndi chiwongolero chimodzi, magalimoto ankhondo, ndi njira zosiyanasiyana zonyamulira tizolengedwa tam'nkhalango totchedwa Korok tobereka zikwama zolemera kupita kwa anzawo. Aliyense ankaonetsa chimene wapanga yekha.

Pa 5 Juni 2025 Nintendo inatulutsa makina atsopano a Switch 2, pamodzi ndi mtundu wa gemu yomweyi wokonzedwera makinawo, woonetsa zithunzi 60 pa sekondi ndi mizere yochuluka. Ndauona, ndipo ndi wokongoladi, chifukwa timano ta m'mphepete tija tachepa ndipo ku Kakariko sikujejemanso. Ndikusangalala kuti amene ankadandaula za zimenezi apeza chimene ankafuna. Koma bwato lomatidwa fani mopendekera limazungulirabe pakati pa dziwe mofanana ndi kale, mlatho wa mwana wanga umawolotsabe, ndipo misozi ya Zelda imapezekabe mosatsata ndondomeko. Zabwino za gemuyi ndi zofooka zake zonse zinasamukira ku makina atsopanowo osasintha, chifukwa sizinagone pa mphamvu ya makina.

Pempho langa kwa inu, Akonzi, ndi kwa olemba anu akamatiunikira magemu otsatira a mtundu umenewu, ndi lakuti asamangotiuza nambala ya mizere ndi ya zithunzi pa sekondi n'kuthera pomwepo. Atiuzenso ngati phiri limene likuoneka patali limakwereka, ngati chitseko chimene chajambulidwa chimatseguka, ngati gemu imavomera yankho limene opanga ake sanaliganizire, ndiponso ngati gawo lachiwiri lapatsa manja a wosewera ntchito imene gawo loyamba silinawapatse.

Ine wanu,
Wowerenga wokonda magemu